Nanga Woyenda Pansi Adzere Pati?

Sabata ino ndapempha danga pa tsamba lathu lino kuti ndicheze nanu pa nkhani imene ambiri mungaiyese ya abambo, kapena ya anthu ophunzira a m'maofesi. Nkhaniyi ndi ya msewu. Musafulumire kutembenuza tsamba, pakuti inenso ndinakhala zaka zoposa 60 ndikuganiza kuti za misewu sizindikhudza, kufikira tsiku limene msewu unandibweretsera misozi m'nyumba.

Ine ndinabadwira konkuno ku Mulanje, m'tsinde mwa phiri. Bambo anga ankagwira ntchito pa esiteti ya tiyi, ndipo chuma chawo chachikulu chinali njinga ya Humber imene ankaipukuta Loweruka lililonse ngati mwana wakhanda. Mayi anga sanaikwerepo njingayo okha ngakhale tsiku limodzi, chifukwa masiku amenewo mkazi wopalasa njinga anthu ankamunena. Iwo ankayenda pansi, dengu la nthochi pamutu, mng'ono wanga kumbuyo, ine ndikutsatira ndi kamtolo ka nkhuni. Galimoto zinali zowerengeka. Basi ya UTM ikamabwera tinkaimvera patali, n'kupatuka pang'ono, fumbi likatha n'kubwereranso mumsewu. Msewu unali wa aliyense: wa mbuzi, wa ana, wa nkhalamba ya ndodo. Sindikunena kuti kale zonse zinali bwino ayi. Ndikukumbukira amayi apakati akunyamulidwa pa machira usiku, ndi malole a tiyi atatitimira m'matope pa ulendo wa ku siteshoni ya sitima ku Luchenza. Choncho pamene msewu waukulu wochokera ku Limbe kudzera ku Thyolo mpaka ku Muloza unakonzedwa bwino, ndiponso pamene msewu wa Midima unatsegulidwa m'chaka cha 2006, tinaomba m'manja ndi kululutira. Ulendo wa ku Blantyre umene unkatidyera tsiku unasanduka wopita m'mawa, madzulo uli pakhomo.

Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Matope ake ine ndinawaona chaka chatha.

Ndili ndi mdzukulu wamkazi amene ndimakhala naye, wa zaka 8. Tsiku lina la msika, dzuwa litangopendeka, ndinali pakhonde ndikusankha nandolo pamene mwana wa a neba anafika akuthamanga, mpweya uli m'mwamba. Sanathe ngakhale kupereka moni. Anangoti, "Anganga, bwerani msanga, mwana wanu wagundidwa ndi njinga yamoto." Amayi anzanga, inu amene munamvapo mawu otere mukudziwa mmene miyendo imalemerera. Ndinathamanga chitenje chili m'manja. Ndinamupeza mwanayo ali gone m'ngalande ya m'mbali mwa msewu waukulu, pafupi ndi msika wa kwathu, makope ake atamwazika, mwendo wakumanzere utapindika pamalo posayenera kupindika. Anakhala m'chipatala masabata angapo, ndipo anabwera kunyumba ndi chikhakha. Mulungu anatichitira chifundo, mwanayo ali moyo.

Amene anamugunda ndi mnyamata wa kabaza wa mudzi woyandikana nafe. Mtima wanga unadzaza ndi mkwiyo, moti ndinalumbira kuti sindidzamuyang'ana kumaso. Koma patapita masiku atatu iye anabwera kuchipatala pamodzi ndi amayi ake, atanyamula shuga ndi kabotolo ka sobo. Anagwada pansi, misozi ili mbwembwembwe, nati, "Anganga, ndalakwa, ndikhululukireni. Kumbuyo kwanga kunali lole ikuliza belu, kutsogolo kunaima minibasi ikutsitsa anthu. Nditakhotera kumbali ndinangoona ana atulukira kuseri kwa minibasiyo. Ndikanathawira kuti?" Sindinamuyankhe. Koma funso lake linandisowetsa tulo, chifukwa linabala funso lina mumtima mwanga: nanga mdzukulu wangayo akanadzera pati?

Mwanayo atatuluka m'chipatala ndinachita chinthu chimene ndikupempha kuti inunso mukachite. Ndinayenda ndekha njira yonse imene iye amayenda kuchokera kusukulu kufika kunyumba, pa ola lomwelo, tsiku la msika, ndikuyang'ana ndi maso a mwana wamfupi amene sangaone kuseri kwa galimoto yoima. Zimene ndinaona zinandichititsa manyazi, pakuti njirayo ndadutsamo kosawerengeka osazindikira kanthu. Pakati pali tala wosalala wa galimoto. M'mphepete, kunja kwa mzere wachikasu, pali kampata kamene tikanayendamo, koma pofika pamsika kampatako kadzaza: apa minibasi yaima, apo anyamata a kabaza andanda kudikira anthu, uko amayi anzathu ayala zinanazi, mapeyala ndi chinangwa. Kuseri kwa onsewa kuli ngalande yakuya yosavundikira. Woyenda pansi asankhe yekha, kulowa m'ngalande kapena kulowa mumsewu. Mwana wa zaka 8 tam'patsa chisankho chimenechi tsiku ndi tsiku, ndipo akalakwitsa timati ana a masiku ano ndi osamva.

Mnyamata uja analakwa, chifukwa pamalo podzaza anthu sanayenera kuthamanga, ndipo mlandu wake unakambidwa koyenera. Komabe ndinazindikira kuti tikangothera pa iye, mawa kudzagundidwa mwana wina ndi mnyamata wina pamalo omwewo. Amayi ogulitsa zinanazi sangathamangitsidwe chabe, pakuti akhala pamenepo chifukwa ndi pamene wogula amaima, ndipo ndalama ya ndiwo ndi ya yunifolomu imachokera pomwepo. Wa minibasi amaima mumsewu chifukwa palibe pena pomuikira. Aliyense akungofuna kudya. Cholakwika chachikulu n'chakuti malo athu a malonda, monga Chitakale, Chinakanaka, Nkando ndi Limbuli, anakula okha ngati bowa m'mbali mwa msewu umene unapangidwira anthu odutsa, osati anthu okhala pamalopo. Msewu umaganizira wa pa ulendo wa ku Milange, koma suganizira mayi amene akungofuna kuoloka kuti akagule mchere.

Ndinafotokozera amayi anzanga a m'gulu lathu la banki m'khonde, ndipo tinapangana zochita. Tsiku la msika lotsatira tinakhala pansi pa mtengo wa mango moyang'anana ndi msewu, titatenga malichero anayi ndi chimanga chotongola. Munthu woyenda pansi akadutsa tinkaponya njere m'lichero loyamba, wa njinga yakapalasa m'lachiwiri, wa njinga yamoto m'lachitatu, galimoto m'lachinayi. Anthu ankatiseka, ena ankayesa tikuombeza. Pofika masana, lichero la oyenda pansi linali litaunjikana mulu, la njinga zakapalasa likutsatira, la njinga zamoto pambuyo pake, pamene la galimoto njere zake zikanakwana m'manja awiri. Tinayang'anizana osanena kanthu. Eni msewu enieni, amene ali ochuluka, ndiwo apatsidwa ngalande. Owerengeka ndiwo apatsidwa tala yense. Ndipo mwa oyenda pansiwo ambiri anali amayi ndi ana: wopita kuchigayo, wopita kusikelo, wochokera kothyola tiyi, woperekeza wodwala.

Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti boma la Mulanje lili ndi anthu oposa 684,000, ndipo chiwerengerochi chikukwerabe. Malo ndi ochepa, pakuti mbali ina ndi phiri, mbali ina ndi minda ya tiyi, kotero anthu akukhamukira m'mbali mwa misewu. Pamene lero tikuti pamsika, ana athu adzati m'tauni. Boma lenilenilo likufuna kuti matauni akule. M'masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, kukula kwa matauni ndi imodzi mwa nsanamira zitatu, ndipo pa malo asanu ndi atatu amene anasankhidwa kuti adzakhale mizinda yothandiza Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, pali Luchenza, pakhomo pathu penipeni. Kuonjezera apo, mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO linalemba phiri lathu la Mulanje m'kaundula wa malo amtengo wapatali pa dziko lonse, ndipo tingayembekeze kuti alendo ndi galimoto zopita ku Likhubula zidzachuluka. Zonsezi n'zabwino. Koma m'mera mpoyamba. Nyumba zikamangidwa mpaka m'mphepete mwa tala, sipadzakhalanso malo a njira ya oyenda pansi popanda kugwetsa nyumba za anthu. Nthawi yolankhula ndi ino, matauni athu akadali aang'ono.

Mwina wina anganene kuti, "Ife amayi tingasinthe chiyani?" Tamverani za amayi a ku Netherlands, dziko la ku Ulaya limene lero limatchuka ndi njinga. Sikuti linali choncho chiyambire. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, anthu a kumeneko analemera nagula galimoto zambiri, ndipo mizinda inayamba kugumulidwa kuti misewu ikule. M'chaka cha 1971 chokha anthu oposa 3,000 anafa pa ngozi za pamsewu, ndipo oposa 400 mwa iwo anali ana. Makolo, makamaka amayi, anakana. Anayambitsa gulu lofuna kuti kuphedwa kwa ana m'misewu kuthe; ankatseka misewu ya m'malo okhala anthu, kutulutsa matebulo ndi kulola ana kusewera pamenepo, kufikira akuluakulu a boma anamva. Mafuta a galimoto atasowa m'chaka cha 1973, dziko lonse linaona kuti kudalira galimoto yokha n'kudzimangirira. Anayamba kumanga njira zapadera za njinga ndi za oyenda pansi, ndipo lero m'dzikomo njinga n'zambiri kuposa anthu; nduna ndi mphunzitsi amapalasa limodzi popita kuntchito. Kuno ku Africa, mzinda wa Kigali ku Rwanda unayamba m'chaka cha 2016 kutseka misewu ina masiku ena a Lamulungu kuti anthu ayende ndi kupalasa njinga momasuka, ndipo kumeneko wa njinga yamoto ndi wokwera wake onse amavala chipewa choteteza mutu.

Taonani chodabwitsa, amayi anzanga. Chimene mayiko olemera akuchifunafuna ndi ndalama zambiri, ife tili nacho kale. Ndani sadziwa kuti kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe njinga ndiyo ngolo yathu? Imanyamula matumba a nandolo, mitolo ya nzimbe, mbuzi, ngakhale wodwala. Mdzukulu wa mayi anga aja amene sanakwerepo Humber lero amapalasa yekha kupita ku Limbuli, mwana kumbuyo, ndipo palibe womunena. Njinga simwa mafuta. Dontho lililonse la petulo m'dziko muno limachokera kunja, kudzera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo limagulidwa ndi ndalama zakunja zimene zina mwa izo zimabwera ndi tiyi yemweyu amene timathyola m'mamawa chiperoni chikutinyowetsa. Mukukumbukira mizere ya galimoto pa malo omwetsera mafuta m'zaka za 2011 ndi 2012, ndi imene inabweranso kuyambira 2022. Masiku amenewo mtengo wa minibasi unakwera, koma wa njinga yakapalasa ankangodutsa akuimba mluzu. Namondwe wa Freddy atatigwera mu Malichi 2023, milatho itakokoloka ndi misewu itaduka, amene anayamba kufika kwa abale ndi ufa anali oyenda pansi ndi onyamula njinga paphewa pooloka madzi. Tsono n'chifukwa chiyani timaiona njinga ngati chizindikiro cha umphawi, n'kumaikankhira m'ngalande? Chitukuko chenicheni sikutaya njinga ayi, koma kuipatsa njira yake.

Palinso nkhani ya liwiro imene mayi aliyense ayenera kuidziwa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa misewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Thupi la munthu lili ndi malire ake. Wogundidwa ndi galimoto yoyenda makilomita 30 pa ola kawirikawiri amapulumuka, koma liwiro likamakwera kupitirira pamenepo mwayi wopulumuka umachepa msangamsanga. N'chifukwa chake nthumwi za mayiko zitakumana ku Stockholm mu Febuluwale 2020 zinagwirizana kuti pamalo pamene galimoto zimasakanikirana ndi anthu oyenda pansi liwiro lisapitirire makilomita 30 pa ola. Pamsika, pasukulu ndi pachipatala ndi malo otero. Chikwangwani chokha sichikwanira, chifukwa dalaivala wofulumira sawerenga; chimene amamvera ndi chitunda chopingasa msewu.

Tsono ife a pansi pa mtengo wa mango tinanyamula malichero athu, njere zili momwemo, kupita nawo ku msonkhano wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi. Bambo wina anaimirira nati, "Amayi, za misewu ndi za mainjiniya. Inu mukudziwapo chiyani?" Mayi wina wachikulire kuposa ine anayankha mwaulemu, atagwira m'mawondo, "Zoona bambo, kuyeza tala sitidziwa. Koma telala ngakhale aphunzire bwanji, amayamba wayeza mwini malaya. Ife tabwera kuti atiyeze." Anthu anaseka, koma a mfumu sanaseke. Anaitanitsa malichero aja, nawayang'ana nthawi yaitali, kenaka anati tinene zimene tikufuna.

Zimene tinapempha si zapatali, ndipo ndikuzilemba pano kuti mwina zingakuthandizeni kwanuko. Choyamba, njira ya oyenda pansi kuseri kwa ngalande, yokwezeka kuti galimoto isakwerepo, yotakata moti amayi awiri osenza madengu angapatukirane, ndiponso yosalala moti njinga ya olumala ingadutse. Chachiwiri, zitunda ndi mizere yoyera yoolokera pasukulu, pamsika ndi pachipatala. Chachitatu, malo oimapo minibasi ndi a kabaza kunja kwa msewu. Chachinayi, malo a malonda okhala ndi denga, madzi ndi zimbudzi, koma oyandikana ndi pamene anthu amatsikira, chifukwa msika woikidwa kutali ndi ogula umasanduka khola la mbuzi ndipo amayi amabwereranso kumsewu. Chachisanu, ngalande zovundikira ndi zosadzaza zinyalala, popeza mvula ya kuno mukuidziwa. Chachisanu ndi chimodzi, mitengo ya mthunzi m'mbali mwa njira, ndi nyali zoyendera mphamvu ya dzuwa kuti mtsikana wochokera kusukulu madzulo kapena mayi wopita kuchipatala usiku ayende mopanda mantha. Mitengo tinati tidzabzala tokha.

Musaope kuti mukulowerera za eni. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linapereka mphamvu zambiri za chitukuko ku makhonsolo, ndipo maganizo amayenera kuyambira kumudzi, kupita ku komiti ya dera, mpaka kukhonsolo kumene kuli khansala amene munamuvotera. Lamulo la mapulani a malo la 2016 linati dziko lonse, osati mizinda yokha, liyenera kumangidwa motsata mapulani. Ndiye kuti malo athu a malonda nawonso ayenera kukhala ndi mapu osonyeza pamene padzadutse njira, pamene padzakhale msika, ndi pamene sipayenera kumangidwa. Mapu amenewa akamajambulidwa ife tili kumunda, tisadzadandaule kuti anatiiwala. Misonkhano yotere imachitika nthawi imene mphika uli pamoto, ndikudziwa, koma gawanani: wina aphikire ana a mnzake, wina apite akalankhule.

Nafenso tili ndi mbali yathu, ndipo apa ndilankhula mosabisa. Ndi kangati takwera njinga yamoto atatu, khanda lili kumbuyo, thumba la ufa pamiyendo, popanda ndi mmodzi yemwe wovala chipewa choteteza mutu? Ndi kangati tauza mnyamata wa kabaza kuti, "Thamanga achimwene, ndachedwa"? Anyamatawa ndi ana athu omwe, ntchito zasowa, ndipo njinga yamoto yapulumutsa amayi ambiri apakati m'midzi imene galimoto sifika. Tisawade, koma tiwalangize, ndipo tikane kukwera ya wothamanga kapena wonunkha mowa. Poyala malonda tisiye mpata woti mwana adutse. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kalata yathu inalembedwa, a mfumu anadindapo, ndipo inapita ku maofesi oyenera. Pamene ndikulemba pano zitunda sizinamangidwe; zinthu za boma zili ndi mayendedwe ake, ndipo ife sitinatope kukumbutsa. Koma zina zasintha kale. Amayi timasinthana m'mawa ndi masana kuima pamsewu kuolotsa ana a sukulu. Ogulitsa zinanazi anasunthira malonda awo m'mbuyo pang'ono mwa kufuna kwawo. Anyamata a kabaza anasamutsa poimira pawo kuchoka pakhonde la msewu, ndipo amene anawatsogolera ndi mnyamata yemwe uja. Tsopano ndimamuyankha moni.

Mdzukulu wanga anabwerera kusukulu. Amatsimphina pang'ono kukazizira, ndipo akafika pamalo paja amandigwira dzanja mwamphamvu ngakhale palibe galimoto. Tsiku lina tikuoloka anandifunsa kuti, "Anganga, kodi njira yathu ija adzatimangira liti?" Ndinamuuza kuti sindileka kufunsa mpaka ataiona ndi maso ake. Lonjezo limeneli sindingalikwanitse ndekha, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Choncho amayi anzanga a ku Chisitu, a ku Thuchila, a ku Mimosa, a ku Muloza ndi kwina konse, sabata ino patulani ola limodzi. Yendani njira imene mwana wanu amayenda popita kusukulu, muwerame pang'ono kuti muone zimene iye amaona. Mukapeza kuti alibe podzera, tengani lichero ndi chimanga, itanani anzanu. Musadikire kuti mwana wa a neba adzafike pakhomo panu akuthamanga monga anafikira pa langa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsalani bwino, ndipo muyende mosamala.